Bola mahandulo opindika kusiyana ndi obisa bala

Aliyense amene anakwerapo njinga yamoto m'tchire, m'mathanthwe kapena pa bwalo la motocross (mpikisano wa njinga zamoto pa dothi ndi mabampu) amadziwa chinthu choyamba chimene munthu amachita akagwa. Asanadzisase fumbi, asanaone ngati chigongono chasupuka, amaidzutsa njinga, n'kuimirira kutsogolo kwake tayala lili pakati pa mawondo, n'kuyang'ana mahandulo. Apindika? Mbali iti? Kwambiri kapena pang'ono? Maso amayankha mafunso atatu onsewo m'kamphindi, ndipo yankholo ndi limene limamuuza ngati apitirize ulendo, abwerere pang'onopang'ono, kapena aizimitse njingayo n'kudikira anzake. Nkhani yanga yonse yagona pa kamphindi kameneka. Ndikukana kuti mahandulo opangidwa ndi kaboni yekhayekha azimangidwa pa njinga zamoto zoyenda m'tchire. Kulimba kwa kaboni sindikukukayikira ngakhale pang'ono, ndi wolimba kwabasi. Chondiopsa n'chakuti munthu akagwa n'kumufunsa mafunso atatu aja, iye amangokhala duu.

Zimene amalonda amazitcha composite ndi zinthu ziwiri zophatikizidwa kuti zigwire ntchito ngati chimodzi. Pa mahandulo, choyamba ndi ulusi wa kaboni, wowonda moti mungafunike kuika khumi pambalipambali kuti mufike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Chachiwiri ndi guluu wa epoxy amene amaumanga ulusiwo pamodzi. Opanga amayala ulusi m'mapepala opyapyala, n'kusanjikiza pepala pamwamba pa linzake mozungulira chikombole, lina ulusi wake utaloza m'litali, lina mopingasa, lina mopendekeka, kenako amaziwotcha zitapanikizidwa mpaka guluu atauma gwa. Chotuluka pamenepo n'chopepuka modabwitsa. Kachidutswa ka chitsulo ka sentimita imodzi mbali zonse kamalemera magalamu 7.8, ka aluminiyamu 2.8, pamene ka kaboni ndi guluu wake ndi pafupifupi 1.6. Komanso popeza wopanga ndiye amasankha kumene ulusi uloze, angathe kuumba paipi yofewerako pang'ono njinga ikatera pansi koma yosagwedera munthu akaikoka cham'mbuyo. Pa chitsulo zimenezi n'zovuta. Ubwino umenewu ndi weniweni ndipo sindiutsutsa.

Mahandulo akhala akusintha kuyambira kale, ndipo okonda kaboni amaikonda mbiriyi chifukwa imaoneka ngati ili kumbali yawo. Poyamba anali achitsulo, paipi ya mamilimita 22, ndi kamtanda kolumikiza mbali ziwirizo kuti zisaphwasuke. Mu 1969 abwenzi awiri a m'dera la Manchester ku England, Andrew Renshaw ndi Henry Rosenthal, anayamba kupanga a aluminiyamu, ndipo dzina la kampani yawo, Renthal, analidula pa maina awo awiriwo. Mu 1991 ProTaper ya ku America inatulutsa mahandulo onenepa pakati, mamilimita 28.6, owonda cha kunsonga, opanda kamtanda, kuti azifewerako njinga ikamenya pansi. Lero ndi amenewa ali pa njinga zambiri zatsopano. Ndiye munthu amati: mwaona, chitsulo chinasiyira malo aluminiyamu, nayenso aluminiyamu asiyire kaboni, okana ndi amantha chabe. Koma pa kusintha konse kuja pali khalidwe limodzi limene silinatayike. Chitsulo chimapindika chisanathyoke. Aluminiyamu, ngakhale wouma uja wa 7075 amene amapangiranso ziwalo za ndege, amatha kutamuka pafupifupi magawo 10 pa 100 alionse a kutalika kwake asanaduke. Ulusi wa kaboni umaduka utangotamuka magawo awiri kapena osakwana, ndipo usanafike pamenepo susiya chizindikiro: umabwerera mwakale nthawi iliyonse, mpaka tsiku limene sudzabwereranso. Kuchoka pa chitsulo kupita pa aluminiyamu kunali kusintha kulemera. Kupita pa kaboni ndi kusintha kafedwe ka chidacho, ndipo imeneyi ndi nkhani ina.

Ndinagwapo tsiku lina potsika phiri la miyala, tayala lakutsogolo litaterereka pa muzu wonyowa. Njinga inagwera kumanzere, nsonga ya handulo n'kumenya thanthwe, ine n'kugubuduka cha kumunsi. Nditaidzutsa ndinapeza mbali yakumanzere itaweramira pansi ndi m'mbuyo, mwina zala ziwiri kapena zitatu poyerekeza ndi inzake. Pamene panapindikapo, pafupi ndi chopanira chogwira mahandulo pa njinga, utoto wakuda wa aluminiyamu unali utachita timizere toyera tating'onoting'ono ngati khungu louma. Ndinapasisita ndi chala, ndinatsamirapo ndi thupi lonse kuti ndimve ngati pakusuntha, ndipo sipanasunthe. Ndinabwerera nawo mahandulo okhotawo ulendo wa maola awiri, dzanja lina patsogolo lina m'mbuyo, phewa likuwawa, osathamanga. Madzulo omwewo ndinawamasula n'kuwataya. Mphamvu ya kugwa kuja inathera m'kupindikako, ndipo kupindikako kunandiuza zoona za mmene alili.

Kaboni wothyoka ndinamuona pa njinga yakapalasa yotsikira mapiri, ya mnzanga wina. Anali atagwa nayo milungu ingapo m'mbuyomo, kugwa wamba, ndipo atayang'ana anangoona pokandika pang'ono pafupi ndi pomangira buleki. Anapitiriza kukwera. Tsiku limene mahandulo anathyoka sanagunde chilichonse chachikulu. Anangotera kuchokera pa kamtunda kamene ankadumpha nthawi zonse, mbali yakumanja n'kutsalira m'manja mwake, chingwe cha buleki chili lende. Ndinachitola chidutswacho. Kunja chinali kunyezimira ngati chatsopano mpaka pa mzere weniweni wothyokawo. M'kati, mapepala aja anali atalekana ngati katoni yonyowa, ndipo kunsonga kunali timinga takuda tolasa chala ukangokhudza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnzangayo anathyoka fupa la paphewa, ndipo tonse amene tinalipo tinathokoza kuti zinathera pamenepo.

Anthu opanga ndi kukonza ndege amalidziwa bwino khalidwe limeneli, chifukwa ndege ngati Boeing 787 theka la kulemera kwake ndi zipangizo zophatikiza zoterezi. Chimene amachiopa kwambiri ndi bala losaoneka: sipanala kugwera pa phiko, ngolo ya katundu kugunda m'mbali, pamwamba osatsala kanthu koma m'kati mapepala atalekana. Mapepala akalekana, lililonse limayamba kusenza katundu palokha, ndipo mbali imene ikupanikizidwa imafooka kwambiri. N'chifukwa chake ali ndi makina a ultrasound oyendetsa pamwamba pa chiwalo kuti aone za m'kati, ali ndi anthu ophunzitsidwa kuwerenga zimene makinawo akuonetsa, ndiponso mabuku olembamo kugunda kulikonse. Njira yosavuta imene ilipo ndi kugogoda ndi kandalama kachitsulo: pabwino pamalira ngwee, polekana pamamveka ngati wagogoda mtengo wofumbwa. Koma pa paipi yopapatiza, yokhota, yokutidwa ndi labala, mawaya ndi zopanira, khutu la munthu amene wangogwa kumene, mtima uli phaphapha, injini za anzake zikulira, silingadalirike. Ndege imagundidwa kamodzikamodzi, mwangozi. Njinga yam'tchire kugwa ndi mbali ya ntchito yake. Pa mpikisano wovuta wa m'tchire wotchedwa enduro ngakhale katswiri amatha kuigwetsa kangapo tsiku limodzi.

Pali nkhani ya ku Britain imene ndimafuna aliyense wokonda kaboni aidziwe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kampani ya Rolls-Royce inkapanga injini ya ndege yotchedwa RB211, ndipo mapiko a fani yaikulu yakutsogolo inawapanga ndi kaboni amene ankamutcha Hyfil. Anali opepuka, anali olimba, ndipo chiyembekezo cha injiniyo chinali pa iwo. Atafika pa mayeso oponyera nkhuku m'injini, poyerekeza mbalame imene ndege ingagunde ponyamuka, mapiko aja anaphwanyika. Anabwerera ku chitsulo cha titanium nthawi ndi ndalama zitapita kale, vutoli n'kuwonjezera pa mavuto ena amene kampaniyo inali nawo, ndipo mu February 1971 inagwa, boma la Britain n'kuitenga. Mapiko a kaboni anadzatheka ndithu: injini ya GE90 ya kampani ya General Electric inayamba kunyamula anthu nawo pa Boeing 777 mu 1995. Koma taonani mmene anawapangira. M'mphepete mwa kutsogolo, pamene mbalame kapena mwala umayambira kumenya, anavekamo titanium. Patapita zaka pafupifupi 25, akatswiri a injini za ndege anafika pa mfundo yakuti pomenyedwapo pakhale chitsulo.

Wina andikumbutsa magalimoto a mpikisano a Formula One, ndipo akunena zomveka. McLaren MP4/1 ya mu 1981 ndi imene inayambitsa thupi la kaboni pa mipikisano imeneyo, ndipo chaka chomwecho woyendetsa John Watson anachita nayo ngozi yoopsa ku Monza m'dziko la Italy n'kutulukamo akuyenda yekha. Kuyambira pamenepo kaboni wapulumutsa oyendetsa ambiri. Koma nthawi zambiri amawapulumutsa pophwanyika: mphuno ya galimoto imasanduka fumbi ndi tizidutswa, mphamvu ya ngozi n'kuthera momwemo, kenako chiwalocho chimatayidwa. Mahandulo sangagwire ntchito motero. Ngozi ikatha amafunikabe, chifukwa ndi pamene pali kuwongolera, buleki yakutsogolo, kilatchi ndi moto, ndipo munthu akaimirira pa zopondera ndi pomwe amatsamira.

Nanga njinga zakapalasa zam'mapiri, zimene zambiri zili ndi mahandulo a kaboni ndipo eniake sanaonepo vuto? N'zoona, ndipo zimene zinamuchitikira mnzanga uja sizichitikira aliyense. Koma katundu wake ngwosiyana. Njinga yakapalasa yotsikira mapiri sikwana makilogalamu 20. Yamoto ya motocross ya injini ya 450cc imaposa 100. Ikamagubuduka yokha mwini wake atagwa, kulemera konseko kumatera pa nsonga imodzi ya handulo. Taganizaninso zimene timawachita mahandulo a njinga yamoto ngakhale tisanagwe. Mabawuti a chopanira cha pakati amamangidwa pa 20 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti) kapena chapompo, pamene pa njinga yakapalasa ndi 5 Nm basi, ndipo ambirife timangomanga ndi dzanja, osayeza. Timapanikizapo chogwirira kilatchi, cha buleki, maswitchi. Timamangapo zotchingira manja zimene bawuti yake imalowa kukamwa kwa paipi n'kufutukuka m'kati kuti igwire. Tikamainyamula njinga pa galimoto timakokera zingwe pomwepo mpaka mafoloko ogwira tayala lakutsogolo atatsika. Labala wogwirira akatha timamucheka ndi lezala, nsonga yake n'kukanda paipi. Okonda nkhalango zowirira amadula mahandulo ndi sowo kuti azipita pakati pa mitengo. Zonsezi aluminiyamu amazipirira. Paipi ya kaboni imadana kwambiri ndi zitatu mwa izi: kufinyidwa, kufutukulidwa kuchokera m'kati, ndi kuchekedwa ulusi wapamwamba, chifukwa ulusi woduka susenzanso kanthu.

Bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga zamoto padziko lonse, FIM, limene linakhazikitsidwa mu 1904, linaiganizira kale nkhaniyi. Malamulo ake a motocross ndi enduro amanena za mahandulo mwatsatanetsatane: m'lifupi asachepere mamilimita 600 ndipo asapitirire 850, pakati pakhale chotchinga chofewa, nsonga zikhale zotsekedwa, a aluminiyamu akathyoka asawotchereredwe, ndipo a composite saloledwa. Ena amati malamulo a mipikisano amatsalira m'mbuyo luso likamapita patsogolo. Nthawi zina zimaterodi. Koma njinga zomwezo zimapikisana zili ndi kaboni malo ena ambiri: chotchinga pansi pa injini, chotchinga disiki ya buleki, kunsonga kwa ekizozi. Ndiye kuti bungweli silidana ndi kaboni. Langomuletsa pamalo amene kuthyoka mwadzidzidzi kungaphe munthu, ndipo pamenepa ndili nalo limodzi. Chondidetsa nkhawa n'chakuti lamuloli limateteza okhawo amene njinga zawo zimayenderedwa mpikisano usanayambe. Wokwera wamba, wogula pa intaneti, alibe womuletsa, chonsecho iye ndi amene alibe makaniko womusinthira zida akagwa.

Za kupepuka tisatayepo nthawi. Mahandulo a aluminiyamu sakwana kilogalamu imodzi. Ngakhale kaboni atachotsapo theka, zochotsedwazo n'zochepa kuposa kulemera kwa lita imodzi ya petulo, komwe ndi magalamu pafupifupi 750. Matope omata pansi pa madigadi m'mphindi khumi zoyambirira amabweza zonsezo kangapo. Zoona, kulemera kwa pamwamba ndi kutsogolo kumamveka kuposa kwa pansi, ndipo katswiri wolimbirana kachigawo ka sekondi angakumve. Enafe ayi.

Mfundo imene ndimaimvetsera mwaulemu ndi ya manja. Injini ya silinda imodzi ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, ndiye kuti ikugwedeza njinga ka 100 pa sekondi, ndipo zonsezo zimafika m'zikhatho. Pakatha maola atatu zala zimachita dzanzi, munthu osamvanso bwino ngati wagwira buleki kapena ayi. Kwa amene zaka zapita, kapena amene anathyokapo dzanja, imeneyi si nkhani yaing'ono. Alipo amene anasiya kukwera pa chifukwa chimenechi, ndipo zimandimvetsa chisoni. Guluu wa m'kaboni amameza kunjenjemera kwina kwa mtundu umenewu kuposa aluminiyamu, choncho ndikumvetsa chifukwa chake munthu wotopa ndi dzanzi amakopeka. Koma dzanzi lili ndi magwero ambiri amene makaniko wabwino amayamba kuwafufuza: mabawuti omangira injini atakhwepa, mabeyaling'i otha, tayala lolemera mbali imodzi, labala wogwirira wouma, kapena mahandulo amene makhotedwe ake sakugwirizana ndi manja a munthuyo moti mkono umakhala wopotoka ulendo wonse. Kuwazunguliza pang'ono m'chopanira, kapena kusankha a makhotedwe ena, kwathandiza anthu amene ankaganiza kuti manja awo atha.

Ndiye amalonda ena amaphatikizapo vuto lina limene okwera amalitcha arm pump, ndipo apa amapyola malire. Arm pump imayamba minofu ya mkono ikatupa chifukwa chogwira mwamphamvu nthawi yaitali; kachikopa kokuta minofuyo sikatamuka, magazi amalephera kuyenda bwino, mkono n'kuuma ngati chikuni. Zimachitika ngakhale pa msewu wa tala wosalala. Katswiri wa mipikisano ya njinga zamoto pa tala Dani Pedrosa anachitidwa opaleshoni ya vutoli mu 2015, ndipo mu 2021 Fabio Quartararo ankatsogolera mpikisano wa njinga zamoto wa MotoGP ku Jerez m'dziko la Spain mpaka mkono unamukana, n'kumaliza pa nambala 13, kenako nayenso anapita ku opaleshoni. Amenewa sankadumpha miyala. Zothandiza pa arm pump ndi kuipana njinga ndi mawondo kuti manja apume, kupuma mpweya bwino, kulimbitsa thupi, ndi kutchera bwino mafoloko, amene ali ndi mamilimita pafupifupi 300 omezera mabampu. Mahandulo, kaya apangidwe ndi chiyani, amafewa mamilimita owerengeka chabe.

Wina asachoke pano akuganiza kuti aluminiyamu sathyoka. Amathyoka, ndipo ali ndi nthenda yakeyake: amatopa. Kugwedezeka kobwerezabwereza kumayambitsa kamng'alu, makamaka pokandika kapena m'mphepete mwa chopanira, ndipo kamng'aluko kamakula mwakachetechete. Pa nkhani ya kutopa yokha, kaboni wosavulala amamuposa aluminiyamu. Nachonso chizolowezi chathu chowongola mahandulo opindika, kulowetsa paipi yaitali n'kukoka, n'choipa: aluminiyamu wouma akapindidwa kawiri amakhala atatha, ngakhale aoneke wowongoka. Opindika ndi otaya basi. Kusiyana kwake n'kwakuti aluminiyamu amakupatsa mwayi. Mng'alu wake nthawi zambiri umayambira kunja, pamene diso lingauone ukamasula chopanira n'kupukuta, ndipo kupindika kwake kumakukakamiza kugula ena chifukwa sungayende nawo momasuka. Kaboni wovulala amakulola kuyenda mowongoka, manja ali bwinobwino, iwe n'kumathira moto ngati kale.

Chondisangalatsa n'chakuti opanga zida odziwa ntchito yawo akulifunafuna yankho m'njira zosataya mwayi umenewu. Renthal ili ndi Twinwall, mapaipi awiri a aluminiyamu, ina m'kati mwa inzake, kuti yakunja ikalephera yam'kati igwirebe. Fasst Company ya ku America imapanga Flexx, mahandulo okhala ndi mfundo mbali zonse ziwiri ndi timalabala tomeza kugunda, timene wokwera amasintha malinga ndi kulemera kwake ndi malo amene akuyendamo. Xtrig ya ku Germany inaika labala m'zopanira zenizenizo, pa chida chake chotchedwa PHDS. Ndipo ProTaper ili ndi ACF, imene kunja ndi aluminiyamu, kaboni ali m'kati. Imeneyi ndi nzeru yomwe ija ya mapiko a GE90: chitsulo chilandire mwala, bawuti ndi lezala, kaboni athandizire kumene sakhudzidwa. Ngati mawu akuti composite akutanthauza zoterezi, ndilibe nawo mkangano waukulu. Ndili ndi funso limodzi lokha kwa aliyense wopanga za mtundu umenewu, chifukwa kaboni ndi aluminiyamu zikakhudzana pali chinyezi aluminiyamu amadyeka msanga, ndipo njinga zathu zimawoloka mitsinje ndi kutsukidwa ndi madzi amphamvu: munaika chiyani pakati pa ziwirizo, ndipo nsonga munazitseka bwanji? Wogula afunse zimenezi asanapereke ndalama.

Chimene sindingachikhululukire ndi kutembenuza nzeru imeneyi chadodolido. Alipo mahandulo opanda dzina la wopanga amene m'kati ndi aluminiyamu wamba, kunja atakutidwa ndi pepala lopyapyala la kaboni kuti aoneke okongola. Pepalalo silisenza kanthu kenikeni. Chimene limachita ndi kuphimba khungu la aluminiyamu, pomwe mng'alu umayambira, ndiye wogula amataya diso lake n'kulandira kunyezimira. Nawonso a kaboni yekhayekha ubwino wake umadalira dzanja la amene anayala mapepala. Kathovu ka mpweya kotsalira pakati, pepala lokwinyika poyala, guluu wochepa pokhota, zonsezi zimabisala pansi pa vanishi, ndipo pa chithunzi cha pa intaneti abwino ndi oipa amaoneka chimodzimodzi.

Mipikisano imene inaumba njinga zimenezi inakhazikika pa mfundo yakuti wokwera azidzidalira. International Six Days Enduro, imene inayamba mu 1913, imafuna kuti munthu ayende masiku asanu ndi limodzi akukonza yekha njinga yake. Pa mpikisano wa Dakar pamakhala masiku amene okwera amagona kutali ndi amakaniko awo, atayenda makilomita mazanamazana m'chipululu. M'malo otero, ndi m'malo ena onse amene ife wamba timapita popanda helikopita yotitsatira, chida chabwino ndi chimene chimawonongeka pang'onopang'ono n'kukusiyira kanthu kofikira nako kumene kuli anthu. Mahandulo okhota amakufikitsa. Oduka pachopanira amakusiya ndi njinga yoposa makilogalamu 100 yovuta ngakhale kuikankha, ndipo ngati anaduka uli pa liwiro, za njingazo palibenso amene amazifunsa.

Palinso munthu amene amaiwalika pa mkangano umenewu: mwini wachiwiri ndi wachitatu. Njinga zam'tchire zimasintha manja kangapo, nthawi zambiri n'kuthera kwa wachinyamata amene akuyamba kumene. Akapita kukaiona amatha kuona mafuta akudontha pa foloko, tcheni chotha, limu yokhota, mahandulo opendekeka, n'kunenerera kapena kubwerera. Nanga mahandulo a kaboni angamuuze chiyani? Anagwa kangati, pa mwala wotani, anamangidwa ndi sipanala ya ndani? Ngakhale wogulitsa wokhulupirika sangamuyankhe, chifukwa nayenso sakudziwa. Amene anasankha kaboni anali munthu wamkulu wodziwa zimene akugula. Amene adzathyokedwe naye angakhale mwana wosadziwa n'komwe kuti pali chofunsa.

Maganizo anga angasinthe, ndipo chowasintha ndikuchidziwa. Opanga atabweretsa mahandulo a kaboni amene amasintha mtundu pamene avulala m'kati, kapena okhala ndi ulusi wina wotamuka wowagwira kuti asaduke pawiri, n'kuonetsa poyera mayeso a mahandulo omenyedwa kaye pa mwala kenako n'kugwedezedwa kambirimbiri, ndidzawamanga pa njinga yanga ndi mtima umodzi. Mayeso a paipi yatsopano, yosakandika, yomangidwa ndi makina pa mlingo wake, sandiuza kanthu, chifukwa paipi yotero imakhalapo tsiku loyamba lokha.

Inu amene muli nawo kale, pezani sipanala yoyeza mphamvu ndipo muzitsatira nambala imene wopanga analemba. Musamangepo zotchingira manja zofutukuka m'kati pokhapokha wopangayo atanena kuti n'zololedwa, ndipo labala wogwirira muzimuvula popanda lezala. Mukagwa mpaka nsonga kumenya mwala, masulani zonse, pukutani, yang'anani powala, gogodani. Ngakhale musaone kanthu, ngati kugwako kunali koti aluminiyamu akanapindika, dziwani kuti atha. Musawagulitse, musam'patse mwana wa mnzanu. Valani chophimba mphuno, tengani sowo, muwadule pakati musanawataye, kuti wina asawatole n'kukawamanga pa njinga yake.